Ndinasiya feteleza nyengo ziwiri zapitazo, koma akuti zaka zanga sizinayambe kuwerengedwa

Mayi Nambewe: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Ndili ndi munda wa mahekitala atatu, ndipo nyengo ziwiri zapitazi sindinathiremo feteleza ngakhale wodzaza chikhatho, sindinapoperemo mankhwala a mtundu uliwonse. Ndinachita dala, chifukwa ndinamva kuti pakatha zaka ziwiri munthu amapeza satifiketi ya ulimi wa organic, uja wosathira feteleza ndi mankhwala a ku fakitale, n'kuyamba kugulitsa soya ndi mtedza kwa ogula akunja. Zokolola zinatsika, ndinapirira. Chaka choyamba udzu unanditopetsa mpaka manja kuchita matuza, ndinapirirabe. Lachiwiri lapitali kunabwera munthu wochokera ku bungwe lina lopereka masatifiketi. Tinazungulira munda wonse, anafukula dothi ndi dzanja, anaona nyongolotsi, anayamikira. Titakhala pansi pa mtengo anandifunsa kuti, "Mayi, kaundula wa munda uno ali kuti?" Ndinalibe. Anafunsa malisiti a mbewu, ndinalibe. Ndiye anandiuza kuti pa malamulo a msika wa ku Ulaya zaka zanga ziwiri zija sizikuwerengedwa, ziyamba tsiku lomwe ndidzalembetse. Kodi zimenezi n'zoona, kapena akufuna kundidyera? Amene munadutsamo ndithandizeni.

Naphiri: Pepani kwambiri amayi. Zimawawa, ifenso pagulu lathu la alimi zinatichitikira chimodzimodzi.

Tadala: Mayi Nambewe, pepani, koma munthuyo sanakunamizeni. Ndinagwirapo ntchito yoyendera minda ya mamembala a kopaletivi ina kwa nyengo zinayi, ndiye ndifotokoze zomwe ndikudziwa. Lamulo la European Union lomwe likugwira ntchito pano ndi 2018/848, linayamba pa 1 Januwale 2022. Limati nthawi yosinthira munda kuti ukhale wa organic imayamba mlimi akalembetsa n'kuvomera kuti aziyenderedwa. Pa mbewu za nyengo imodzi ngati soya wanuyo, pamafunika zaka ziwiri zathunthu musanadzale mbewu yomwe idzatchedwe organic. Mumve bwino pamenepo, musanadzale, osati musanakolole. Pa mbewu zokhalitsa ngati khofi, tiyi kapena mitengo ya zipatso, ndi zaka zitatu musanathyole zoyamba. Mpata wowerengera zaka za m'mbuyo ulipo, koma umafuna umboni wokhutiritsa wakuti mundawo wakhala zaka zosachepera zitatu osathiridwa zoletsedwa, ndipo nthawi zambiri amatenga dothi kukaliyeza ku labotale. Inu muli ndi ziwiri, ndipo zopanda pepala.

Ku America lamulo lake ndi losiyanako. Kumeneko amawerenga miyezi 36 kuchokera tsiku lomaliza lomwe munathira choletsedwa mpaka tsiku lokolola, ndipo simufunika kukhala mutalembetsa kuyambira pachiyambi. Koma mbiri ya munda amaifunabe, yolembedwa ndi kusainidwa. Ndiye funso loyamba ndi lakuti wogula wanu akutumiza katunduyo kuti?

Mayi Nambewe: Achemwali, ndinene zoona, wogula ndilibe. Ndinangomva kuti ogula alipo ndipo amalipira bwino.

Kondwani: Amayi, apo ndiye pagona vuto lalikulu kuposa la kaundula. Ine ndimagula ndi kugulitsa mbewu. Satifiketi siigula katundu, amagula ndi munthu. Ndaonapo alimi atapeza pepalalo, alipira woyendera, kenako mtedza wawo n'kuugulitsa pamodzi ndi wa aliyense pa mtengo wamba chifukwa wofuna organic amafuna kontena yodzaza, ya mtundu umodzi, youma mofanana, yosankhidwa bwino. Mahekitala atatu sadzaza kontena. Ndipo satifiketi siyogula kamodzi ngati khasu, chaka chilichonse woyendera amabweranso ndipo chaka chilichonse mumalipiranso. Yambani mwapeza wogula, mumufunse msika wake, mbewu yomwe akufuna, bungwe lomwe amalikhulupirira, ndi ndani alipire kuyenderako. Nthawi zina wogula amalipira yekha, koma dziwani kuti zikatero satifiketiyo imakhala m'dzina lake, simungaitenge kupita nayo kwa wina.

Bambo Chisale: Ine ndilankhule mosabisa, ngakhale ena andida. Nkhani yonseyi imandidetsa nkhawa. Taonani zomwe zinachitika ku Sri Lanka. Mu Epulo 2021 pulezidenti wawo Gotabaya Rajapaksa analetsa kuitanitsa feteleza ndi mankhwala a m'munda, akuti dziko lonse lilime organic. Mpunga unatsika kwambiri, tiyi yemwe amawabweretsera ndalama zakunja anakhudzidwa, dziko lomwe linkadzidyetsa linayamba kugula mpunga kunja, ndipo pofika Novembala chaka chomwecho boma linabweza lamulolo. Mayi Nambewe anena okha kuti zokolola zatsika. Tikulimbikitsana chiyani pano? Banja limadya za m'nkhokwe, silidya satifiketi.

Tadala: Bambo Chisale, za Sri Lanka mwanena zoona, ndipo palibe wanzeru angaziteteze. Koma chomwe chinachitika kumeneko n'kudula feteleza usiku umodzi popanda choika m'malo mwake. Manyowa analibe okwanira dziko lonse, alimi sanaphunzitsidwe, nthaka inali itazolowera. Yerekezani ndi Sikkim ku India, komwe anayamba ulendowu mu 2003, kuchepetsa pang'onopang'ono, n'kudzalengeza kuti dera lonse ndi la organic mu 2016. Zaka 13, dera laling'ono lamapiri lomwe kale silinkagwiritsa ntchito feteleza wambiri, ndipo ngakhale kumeneko alimi adandaulapo za misika ndi tizilombo. Za kutsika kwa zokolola sindikutsutsani. Kafukufuku yemwe anatuluka m'magazini ya Nature mu 2012 anapeza kuti minda ya organic imakolola zochepa ndi pakati pa 5 ndi 34 pa 100 iliyonse, kutengera mbewu ndi kasamalidwe. Mbewu za m'gulu la nyemba kusiyana kwake n'kochepa, chimanga ndi tirigu n'kwakukulu, chifukwa zimenezi n'zosusuka nayitirojeni. Aliyense amene akuuza mlimi kuti sadzataya kanthu akumunamiza.

Bambo Chisale: Chabwino, tiwerenge. Thumba la urea la makilogalamu 50 lili ndi nayitirojeni wokwana makilogalamu 23, poti urea ndi 46 pa 100. Ndowe za ng'ombe zouma bwino, titati zili ndi 1 pa 100, ndiye kuti mukufunika matani oposa awiri kuti mufanane ndi thumba limodzi lokha, ndipo chakudyacho sichituluka chonse chaka choyamba. Munthu wopanda khola lalikulu, wopanda ngolo, matani amenewo awatenga kuti, awanyamula bwanji?

Gogo Nabanda: Mwanangu Chisale, masamu ako ndi olondola, koma wawerenga ngati kuti manyowa okha ndiwo adzalowe m'malo mwa thumba. Ine ndalima zaka zambiri ndipo munda wanga uli pa satifiketi ya gulu. Nayitirojeni wambiri sindimunyamula pamutu, ndimamudzala. Gawo lomwe chaka chino muli soya, chaka chamawa mulowa chimanga. Pakati pa mizere pali nandolo, amagwetsa masamba ake pamenepo, mizu yake imaboola pansi polimba pomwe khasu silifika. Gawo lotopa kwambiri ndimalipumitsa ndi kalongonda nyengo yonse, amaphimba nthaka mpaka udzu kusowa popumira. Mukazula soya muone timaphundu ta kumizu, mukatiswa ndi chikhadabo m'kati tikhale tofiirira, ndiye kuti tikugwira ntchito. Tikakhala toyera kapena tobiriwira, palibe chikuchitika. Manyowa ochepa omwe ndili nawo sindimwaza munda wonse, ndimaika paphando. Mapesi sinditentha.

Koma pali chimodzi chomwe ndikugwirizana nawe. Nyemba zimakoka nayitirojeni mumpweya, fosiforasi sizingamulenge. Nthaka ikakhala yosowa fosiforasi, ngakhale soyayo amakhala wachabechabe. Pamenepo pamafunika manyowa a ziweto kapena ufa wa miyala ya fosifeti, womwe malamulo amalola, koma umachedwa kusungunuka ndipo umagwira bwino m'nthaka ya asidi. Mayi Nambewe, kodi pa zaka ziwiri zija mwakhala mukuikamo chiyani m'malo mwa fetelezayo?

Mayi Nambewe: Agogo, funso limeneli landilasa. Kupatula zitosi za nkhuku pang'ono kumtunda kwa munda, palibe. Ndinkaganiza kuti kusiya kokhako ndiye ulimi wake.

Gogo Nabanda: Ambiri tinayamba choncho mwanangu, usadzione wolakwa. Koma munda wongosiyidwa umangosauka. Woyenderayo akadzabweranso adzafunsa kuti chonde ukuchibwezera bwanji, ndi kasinthasintha wako wa mbewu ali motani. Zimenezo zili m'malamulo momwemo, si zoletsa zokhazokha.

Naphiri: Ine ndi mlembi wa gulu lathu, ndiye za mapepala ndi zanga. Amayi, musaope mawu oti kaundula. Ndi kope wamba la sukulu. Tsamba loyamba mujambule munda wanu, magawo ake muwapatse mayina kapena manambala, mulembe oyandikana nawo mbali zonse ndi zomwe amalima, ndi komwe madzi amalowera mvula ikagwa. Kenako chilichonse chochitika mulembe tsiku lomwelo, kudzala, mbewu yachokera kuti, manyowa ngolo zingati ndipo achokera khola la ndani, mwapopera chiyani, mwakolola matumba angati pagawo liti, mwagulitsa angati kwa ndani. Chomwe woyendera amachita n'kuwerengera ngati matumba omwe mwagulitsa akugwirizana ndi kukula kwa munda. Membala wathu wina anabweretsa matumba ochuluka kuposa omwe gawo lake likanatulutsa, titafufuza tinapeza kuti anaphatikiza a mlamu wake omwe si a organic. Sanaone ngati n'kulakwa, ankangofuna kuthandiza m'bale. Tinamuimitsa, chifukwa zikanapezeka ndi woyendera wakunja gulu lonse likanavutika.

Limbani: Funso langa, pepani kudula. Ndimaganiza kuti amangoyeza mbewuzo ku labotale, zikapezeka zopanda mankhwala basi mwapambana. Si choncho?

Tadala: Ayi achimwene. Kuyeza kulipo, koma n'kongotsimikizira. Satifiketi imachitira umboni kalimidwe ndi kasungidwe, kuchokera pa mbewu yodzala mpaka thumba lofika kwa wogula. Mankhwala ena amatha okha osasiya chizindikiro, ndiye labotale singagwire aliyense wachinyengo. Komanso mlimi wokhulupirika akhoza kupezeka ndi mankhwala omwe sanathire iye. Ndipo kunena zoona, pa zaka zomwe ndinkayendera minda, ambiri omwe anagwa sanagwere m'munda, anagwera pa tinthu tating'ono. Mbewu yogula yokutidwa ndi mankhwala, ija yofiira kapena yobiriwira, ndiyoletsedwa, ndipo mukaidzala gawolo likhoza kuyambiranso kuwerenga. Mbewu za GMO, zija zosinthidwa chibadwa ku labotale, n'zoletsedwa kotheratu. Sipuleya yobwereka yomwe dzulo inali ndi mankhwala opha udzu. Matumba omwe munali feteleza. Chipinda chosungira chomwe munathiramo fumbi lophera anankafumbwe pa mbewu zina. Ku Uganda, m'maboma a Apac ndi Oyam, mu 2008 anapopera mankhwala opha udzudzu a DDT m'nyumba pofuna kuthana ndi malungo, ndipo alimi a organic omwe ankasunga zokolola m'nyumba momwemo anataya msika wawo. Palibe anali ndi cholinga choipa, malungo amapha, koma zokolola zinali pamalo olakwika.

Ndikukumbukira mayi wina yemwe munda wake unali chitsanzo, wophimbira bwino, kompositi wake wonunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Titalowa m'chipinda chosungira ndinaona botolo la mankhwala a nsabwe za m'masamba pawindo, pamwamba penipeni pa matumba. Linali la mwana wake wolima dimba kwina. Ndinalemba zomwe ndinaona, poti ndiyo inali ntchito yanga, koma ndinabwerera kunyumba mtima uli wolemera.

Limbani: Nanga tizilombo tikabuka mumatani? Ine ndimaviika fodya m'madzi n'kupopera, n'zachilengedwe zimenezo.

Tadala: Fodya ayi. Chikonga cha mu fodya ndi poizoni woopsa, malamulo a ku America amachitchula pa zoletsedwa ngakhale chili chochokera ku chomera, ndipo ku Ulaya sichili pa zololedwa. Kukhala chachilengedwe sikutanthauza kuloledwa. Nimu amaloledwa, pyrethrum wochokera ku maluwa amaloledwa, mabakiteriya a Bt opha mbozi amaloledwa, sulfure ndi kopa zimaloledwa koma kopa ali ndi malire chifukwa amaunjikana m'nthaka, ku Ulaya ndi makilogalamu 28 pa hekitala pa zaka 7. Lamulo langa kwa alimi linali limodzi, chilichonse chogula m'botolo kapena m'paketi, ngakhale chitalembedwa organic ndi zilembo zazikulu, funsani bungwe lanu musanatsegule, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Manyowa nawonso ali ndi malamulo ake. Ku America ndowe zosawola ziyenera kulowa m'nthaka masiku 120 musanakolole mbewu yomwe chodyedwa chake chimakhudza dothi, ngati mtedza, ndi masiku 90 pa zomwe sizikhudza. Ku Ulaya salola manyowa ochokera m'makola a fakitale momwe ziweto zimapanikizana, ndiye zitosi zogula mufunse komwe zachokera.

Bambo Chisale: Mukuona? Malamulo onsewa analembedwa ku Brussels ndi ku Washington, mlimi wamng'ono ndiye azilipira kuti atsimikize kuti sanathire chomwe ndalama yogulira analibe n'komwe. Amene amapopera salipira woyendera aliyense. Chilungamo chili pati?

Naphiri: Bambo, pamenepo sindikutsutsani, ifenso zimatiwawa. N'chifukwa chake payekha mlimi wamng'ono sangathe, njira ndi satifiketi ya gulu. Gulu limakhala ndi oyendera akeake omwe amafika pamunda wa membala aliyense chaka chilichonse, ndipo woyendera wakunja amabwera kudzayesa ngati dongosolo lathulo likugwira ntchito, n'kusankha minda ina yoti aione yekha. Koma lamulo latsopano la ku Ulaya lija lathina. Gulu lisapitirire mamembala 2,000, likhale lolembetsedwa mwalamulo palokha, ndipo wakunja ayendere osachepera 5 pa mamembala 100 aliwonse. Pali malirenso a kukula kwa membala, njira imodzi yoyenerera ndi kukhala ndi munda wosapitirira mahekitala 5. Magulu akuluakulu anachita kugawikana, ndipo ndalama zoyendera zinakwera. Mayi Nambewe ndi mahekitala anu atatu mungalowe m'gulu bwinobwino.

Gogo Nabanda: Ndipo si onse ofunika pepala la kunja. Ngati ogula ako ali m'dziko mwako momwemo, pali njira yotchedwa PGS, yomwe bungwe la dziko lonse loona za ulimi wa organic la IFOAM, lija linakhazikitsidwa ku France mu 1972, limaivomereza. Alimi, ogula ndi alangizi amagwirizana malamulo, amayenderana minda okha, amasainira limodzi. Ku Brazil gulu la Ecovida lakhala likuchita zimenezi kuyambira 1998 ndipo boma lawo limazivomereza, India nayenso ali ndi yake. Kutumiza ku Ulaya kapena ku America ndi PGS sikutheka, koma ndalama zake n'zochepa, ndipo chomwe ndimaikondera n'chakuti tsiku loyenderana limasanduka sukulu. Mnzako amakuonetsa pomwe kaufiti wayamba usanamuone iwe.

Kondwani: Ndiwonjezere za zaka zodikirazo, poti m'pomwe anthu ambiri amagwa mphwayi. Zokolola zatsika, ntchito yopalira yachuluka, woyendera mukumulipira kale, koma mtengo ndi wamba. Ku Ulaya pakatha miyezi 12 mbewu zimaloledwa kugulitsidwa ndi chizindikiro choti munda uli pakusintha, koma ogula ambiri saonjezerapo kanthu pa zimenezo. Ndiye ine ndikanakhala inu amayi, sindikanaika mahekitala onse atatu nthawi imodzi.

Mayi Nambewe: Kodi n'zololedwa kugawa? Munthu uja sanandiuze.

Tadala: N'zololedwa, bola magawowo asiyane moonekeratu, pakhale malire enieni, zosungira zosiyana, kaundula wosiyana. Ndipo pa lamulo la ku Ulaya simungalime mbewu yofanana mbali zonse ziwiri pokhapokha ili mitundu yosiyanitsika mosavuta ndi maso. Chophweka n'chakuti gawo la organic mukhale soya ndi mtedza, gawo linalo chimanga cha pakhomo. Koma kumbukirani kuti kasinthasintha ayenera kuchitika m'kati mwa gawo la organic momwemo, simungamasuntheko malire chaka ndi chaka. Magulu ena amafuna kuti membala asinthe munda wonse chifukwa kuyang'anira kumaphweka, ndiye mufunse musanalowe. Komanso kwa inu pali choganizira. Munda wonse wakhala kale nyengo ziwiri wopanda zoletsedwa. Gawo lomwe mungathiremonso feteleza, zaka zimenezo zatayika kotheratu, ngakhale pa msika wa ku America pomwe zikanatha kuwerengedwa.

Bambo Chisale: Zogawa mundazo ndiye ndikuzimva. Chakudya cha ana chitetezedwe kaye, kwinako munthu ayese. Ndikadaona anthu akulangizidwa choncho kuyambira pachiyambi sindikadakhala wokayikira chonchi. Mayi Nambewe, kunena kwanga kolimba kuja sikunali kokunyozani, ndinamva chisoni ndi manja anu a matuza aja.

Mayi Nambewe: Ndamva bambo, palibe chovuta. Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Usiku wathawu ndakhala pansi ndi mwana wanga wamkulu, takumbutsana zomwe tinadzala gawo lililonse kuyambira nyengo yomaliza yomwe tinathira feteleza, ndipo tapeza kuti mlangizi wina anabwerapo chaka chatha n'kulemba m'buku lake, mwina umboni wina upezeka kumeneko. Mbewu ya soya ya chaka chatha inali yosunga ndekha, ya mtedza ndinagula koma inali yosakutidwa. Chomwe chikundidetsa nkhawa tsopano ndi kumtunda. Oyandikana nawo amapopera mankhwala opha udzu chaka chilichonse, ndipo mvula ikagwa madzi a m'munda mwawo amatsikira mwanga. Ndi anthu abwino, sitinayambanepo. Ndiwafikire bwanji, ndipo malirewo akhale otalika bwanji?

Tadala: Malamulo sanaike mamita enieni ofanana kwa aliyense, amangoti malire akhale okwanira kuteteza, ndipo bungwe lanu ndi lomwe lidzavomereze poona kutsetsereka kwa malo, komwe mphepo imachokera, ndi chomwe anzanuwo amapoperera. Sipuleya ya kumsana siulutsa patali ngati ya thirakitala. Pa madziwo kumbani ngalande yopingasa kumtunda, m'munsi mwake mudzale udzu wa vetiva mothithikana, madziwo muwalozere kumbali. Mizere yoyandikana ndi malire muzikolola payokha, kusunga payokha, ndi kulemba kuti yagulitsidwa ngati wamba.

Gogo Nabanda: Kwa anzakowo upite wekha, usatume mwana, ndipo upite nyengo yopopera isanafike. Usakawauze kuti mankhwala awo ndi oipa, munda ndi wawo. Ukangowapempha ziwiri, kuti akuuze tsiku lomwe akupopera, ndi kuti mizere ya kumalire azipopera m'mawa mphepo isanadzuke. Ine oyandikana nane ndinawauza kuti mizere yawo itatu ya kumalire ndizipalira ndine ndi khasu kuti asapoperemo, anavomera tsiku lomwelo, ndipo chino ndi chaka chachisanu ndikupalira.